Kudula Unyolo wa Pulasitiki: Ntchito ya Injiniya Wofufuza pa Yunivesite



Ndapemphedwa kuti ndilankhule za ntchito imene siitchulidwa kawirikawiri m'makomo mwathu. Mwana akanena kuti adzakhala dokotala, makolo amamwetulira. Akati loya, amati zili bwino. Koma akanena kuti akufuna kudzaphunzitsa ndi kufufuza za chemical engineering pa yunivesite, amafunsidwa kuti, "Nanga kumeneko mumapanga chiyani?" Funsoli ndi loyenera, ndipo ndiliyankha ndi chinthu chimene tonsefe tachigwira lero, jumbo.

Katswiri wa kemisitiri akasakaniza mankhwala awiri m'kabotolo n'kutulukamo chinthu chatsopano, ntchito yake yatheka. Injiniya wa zamakemikolo amayambira pamenepo. Iye amafunsa kuti, ngati m'kabotolo mwatuluka magalamu 5, matani 500 tingawapange bwanji tsiku lililonse, osaphulitsa fakitale, osaipitsa mtsinje, pa mtengo woti wogula aukwanitse? Shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ethanol amene amasakanizidwa ndi petulo wathu, simenti, sopo, madzi a m'mipope, zonsezi zimadutsa m'manja mwa munthu wotereyu. Lamulo lake loyamba ndi lakuti chimene chalowa m'makina chiyenera kuwerengeka potuluka. Ukathira makilogalamu 100 n'kupeza 70, sugona tulo mpaka utadziwa kumene apita 30 otsalawo. Mwina auluka ngati mpweya, mwina amatirira m'mapaipi, mwinanso alowa m'mapapo a anthu ogwira ntchito. Ophunzira a chaka choyamba amalira nawo masamu amenewa, koma muona kuti nkhani yonse yokonzanso mapulasitiki yagona pomwepa.

Pakati pa ntchito imeneyi pali chinthu chotchedwa catalyst. Amayi ophika thobwa amamudziwa ngakhale sanapondemo m'labotale. Phala la chimanga limakhala lolimba, losatsekemera. Likayamba kuzizirako amathiramo chimera, ndipo posakhalitsa limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Chifukwa chake n'chakuti sitachi wa m'chimanga ndi unyolo wautali wa timamolekyu ta shuga, ndipo m'chimera muli ma enzyme amene amadula unyolowo. Enzyme imodzi ikadula apa imapita kukadula pena, yokha osasanduka shuga. Koma mukathira chimera phala likubwata, ma enzyme aja amafa, thobwa osakoma. Catalyst aliyense amatero. Amafulumizitsa kusintha kumene pakokha kukanatenga zaka kapena kukanafuna moto woopsa, amasankha njira imodzi pakati pa zambiri, iye sathera momwemo, koma amafa ukamusamalira molakwika.

Mpweya umene tikupumawu, 78 peresenti ndi naitirojeni, chakudya chimene chimanga chimalira koma sichingachitenge mlengalenga. Mu 1909 Fritz Haber, ku Karlsruhe m'dziko la Germany, anasonyeza kuti naitirojeni angaphatikizidwe ndi haidirojeni n'kupanga amoniya, koma catalyst wake anali osmium, chitsulo chosowa kwambiri. Kampani ya BASF inapatsa Carl Bosch ntchito yomanga makina, ndipo Alwin Mittasch anauzidwa kuti afunefune catalyst wotsika mtengo. Pofika mu 1912, gulu la Mittasch linali litayesa zinthu pafupifupi 2,500 m'maulendo pafupifupi 6,500. Chimene chinapambana chinali chitsulo wamba chosakaniza ndi tinthu tina pang'ono, ndipo fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Thumba la yureya limene timalimbirana pa depoti linabadwira kumeneko. Haber ndi Bosch analandira mphoto ya Nobel, Mittasch sanalandire. Amene mukufuna kulowa ntchito ino mudziwiretu kuti ambiri a ife ndife a Mittasch, ndipo masiku athu ambiri amatha tikulemba m'buku kuti ichi sichinatheke.

Pulasitiki amene wadzaza m'ngalande zathu ndi mwana wa catalyst. Polyethylene, amene amapangira majumbo ndi zigubu, anapezeka mwangozi mu 1933 m'labotale ya kampani ya ICI ku Northwich, ku England, koma pomupanga pankafunika kupanikiza mpweya wa ethylene mopitirira ma bar 1,000. Tayala la galimoto timalipopa ma bar 2 okha, choncho mutha kuona kukwera mtengo kwa makina otere. Zinthu zinasintha mu 1953 ku Mülheim, ku Germany, m'labotale ya Karl Ziegler. Wophunzira wake wina, Erhard Holzkamp, ankayembekezera kuti ethylene alumikizana kukhala maunyolo ataliko monga ankachitira nthawi zonse, koma tsiku lina mumphika wachitsulo munangotuluka butene, ndiye kuti timamolekyu tiwiri tokha tolumikizana. Wina akanatsuka mphikawo n'kuyambiranso, osauza munthu. Iwo anafufuza kwa milungu mpaka anapeza kuti mumphikamo munatsalira ka nickel kochepetsetsa. Ziegler anaganiza kuti ngati chitsulo china chikuletsa unyolo kukula, pangakhale china chothandiza kuti ukule. Anayesa zitsulo chimodzi ndi chimodzi, anafika pa zirconium, kenako titanium, ndipo polyethylene anapangika popanda kupanikiza koopsa kuja. Chaka chotsatira Giulio Natta, ku Milan m'dziko la Italy, anagwiritsa ntchito catalyst wa mtundu womwewo n'kupanga polypropylene, amene lero ndi ndowa, mipando ndi matumba a feteleza. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1963.

Walira mvula walira matope. Mu 1950 dziko lonse linkapanga pulasitiki wokwana matani 2 miliyoni pa chaka. Mu 2019 linapanga matani 460 miliyoni. Mu 2017, Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law anawerengera pulasitiki yense amene anapangidwa kufika mu 2015 ndipo anapeza matani 8.3 biliyoni. Mwa amenewa, matani 6.3 biliyoni anali atasanduka kale zinyalala. Pa zinyalalazo, 9 peresenti yokha ndi imene inakonzedwanso, 12 peresenti inatenthedwa, ndipo 79 peresenti inali kumitaya, m'minda, m'mitsinje ndi m'nyanja.

N'chifukwa chiyani 9 yokha, pamene pulasitiki amasungunuka pamoto? Mukatembenuza chigubu kapena botolo, nthawi zambiri mupeza nambala pakati pa timivi titatu. Manambalawa anayamba ku America mu 1988. 1 ndi PET, botolo la madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. 2 ndi 4 ndi polyethylene, wolimba wa zigubu ndi wofewa wa majumbo. 3 ndi PVC wa mapaipi, 5 ndi polypropylene, 6 ndi polystyrene wa timabokosi toyera togulira chakudya. Timivi tija tapusitsa anthu ambiri, chifukwa nambalayo imangotchula mtundu wa pulasitiki, silonjeza kuti pali fakitale imene idzamulandire. Njira yodziwika ndi kusankha, kutsuka, kudula tizidutswa ndi kusungunula. Pamene ikutheka, palibe njira ina yoiposa pa kutsika mtengo, ndipo ku South Africa mabotolo a PET oposa theka amatoledwa n'kukonzedwanso motere. Koma kusungunula kulikonse kumafupikitsa maunyolo. Polyethylene ndi polypropylene, ngakhale amafanana m'maso, akasungunuka pamodzi sagwirana, ndipo chotulukapo chimasweka msanga. Timapaketi tonyezimira ta zokhwasulakhwasula timakhala ndi mapulasitiki angapo omatidwa pamodzi ndi aluminiyamu. Mapeto ake, chigubu choyera chimasanduka beseni lakuda, ndipo beseni lakuda likasweka limapita kumtaya.

Apa ndi pamene ofufuza za ma catalyst analowerera. Funso lawo ndi lakuti, ngati catalyst anamanga unyolowu, kodi wina sangaudule kuti tibwerere ku timamolekyu toyambirira n'kupanga pulasitiki watsopano?

Pa PET yankho lili pafupi, chifukwa unyolo wake uli ndi mfundo zofooka pamene pali okosijeni. Mu 2016 ofufuza a ku Japan analengeza kuti, atafufuza zitsanzo 250 za dothi ndi matope zochokera pafupi ndi malo okonzerapo mabotolo mumzinda wa Sakai, anapeza bakiteriya wodya PET, amene anamutcha Ideonella sakaiensis. Manyuzipepala anasangalala, koma bakiteriyayu ankatenga milungu isanu ndi umodzi kuti amalize kachidutswa kopyapyala. Mu 2020 kampani ya Carbios ya ku France, mogwirizana ndi ofufuza a ku Toulouse, inasintha enzyme ina imene inapezeka m'manyowa a masamba, ndipo inadula 90 peresenti ya PET m'maola 10. Fakitale yoyeserera inatsegulidwa ku Clermont-Ferrand mu 2021. Koma kumapeto kwa 2024 kampaniyi inaimitsa kaye ntchito yomanga fakitale yake yaikulu ku Longlaville chifukwa ndalama sizinakwane. Enzyme inali ikugwira ntchito yake, masamu a ndalama ndiwo anavuta.

Polyethylene ndi polypropylene, amene pamodzi ndi pafupifupi theka la pulasitiki yense, ndiwo mutu waukulu. Unyolo wawo ndi kaboni wogwirana ndi kaboni mnzake kambirimbiri, haidirojeni ali m'mbali, ndipo mfundo zonse ndi zolimba mofanana. Palibe pofooka poti mpeni uyambire. N'chifukwa chake jumbo sionongeka ndi madzi, mchere kapena asidi, ndiponso n'chifukwa chake imakhala m'mimba mwa mbuzi osagayika. Komanso ethylene akamalumikizana amatulutsa kutentha, choncho wofuna kubwerera mmbuyo ayenera kubweza kutenthako. Palibe catalyst amene angakhululukire ngongole imeneyo. Iye amangochepetsa chiwongola dzanja.

Njira yakale ndi pyrolysis, kutenthetsa pulasitiki pa madigiri 400 mpaka 600 m'chotengera chopanda okosijeni. Unyolo umaduka paliponse, ndipo mumatuluka mpweya, mafuta, phula ndi makala, zonse zosakanikirana. Ofufuza a lero akufuna kutsitsa moto ndi kusankha podula. Mu 2020 gulu la Pulofesa Susannah Scott, ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, linaika polyethylene pamodzi ndi pulatinamu womwazidwa pa alumina, pa madigiri 280, osawonjezera haidirojeni, ndipo linapeza mafuta a mtundu umene amapangira sopo wa ufa ndi oilo. Mu 2021 Julie Rorrer ndi anzake ku MIT anagwiritsa ntchito ruthenium pa kaboni, ndi haidirojeni wa ma bar 20. Pa madigiri 200, pafupifupi 45 peresenti ya pulasitiki inasanduka mafuta amadzimadzi. Atakweza moto kufika pa madigiri 250, catalyst yemweyo anadula mopitirira mpaka pafupifupi zonse zinasanduka methane, mpweya wotsika mtengo kuposa pulasitiki amene anayamba naye. Madigiri 50 okha ndiwo anasiyanitsa phindu ndi kutaya.

Mu 2024 John Hartwig, Alexis Bell ndi ophunzira awo ku Berkeley anachita chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chokongola kwambiri pa zonsezi. Anasiya zitsulo zodula n'kugwiritsa ntchito sodium pa alumina ndi tungsten pa silica. Pa madigiri pafupifupi 320, atathiramo mpweya wa ethylene, unyolo wa polyethylene unadulidwa kuchokera kunsonga mpaka kutha, n'kusanduka propylene, amene angapangirenso pulasitiki watsopano. Pafupifupi 90 peresenti inasinthika. Tsono tiyeni tiwerenge monga mainjiniya. Molekyu iliyonse ya propylene ili ndi maatomu atatu a kaboni. Kudula kulikonse kumachotsa kaboni mmodzi pa unyolo wa zinyalala, ndipo awiri enawo amalipiridwa ndi ethylene amene tathiramo, wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Ndiye kuti pa matani atatu a propylene, tani imodzi yokha ndiyo ya zinyalala. Izi sizichotsa ulemu wa ntchitoyi, ndipo ofufuzawo sanabise. Koma mutu wa nkhani ya pa Facebook sudzakuuzani zimenezi. Ofufuza omwewo anaonanso kuti PVC kapena PET wochepa akalowerera, catalyst amafooka kwambiri.

Mwina mukufuna kudziwa mmene tsiku la wofufuza wotere limayendera. M'mawa amayeza galamu imodzi ya pulasitiki ndi kaufa kakuda ka catalyst, n'kuziika mumphika wachitsulo wosaposa kapu ya tiyi. Amamanga mabawuti, kuchotsamo mpweya wamba, kupopamo haidirojeni, kuonetsetsa kuti sakudontha, n'kuyatsa moto. Kenako amadikira, mwina maola anayi, mwina usiku wonse. Mphika ukazizira amatenga mpweya, madzi ndi zolimba zotsala, chilichonse n'kuchiyeza pachokha pa makina otchedwa gas chromatograph. Akawonkhetsa, galamu ija iyenera kubwerera. Ikapanda kubwerera, zotsatira zonse zimatayidwa, ngakhale zikhale zokoma bwanji. Mawa amasintha chinthu chimodzi chokha, kaya ndi moto, kaya nthawi, kaya kukula kwa timibulu ta chitsulo, n'kuyambiranso. Pulasitiki wosungunuka ndi wonanda, safika msanga m'timabowo ta catalyst, choncho ngakhale katakasidwe kamasintha zotsatira. Ndipo catalyst akagwira bwino ulendo woyamba, funso limakhala lakuti adzagwiranso ulendo wachisanu? Makala amamatirira pamwamba pake, chlorine wa mu PVC ndi sulufule zimamupha, timibulu ta chitsulo timaundana.

Maganizo anga pa kafukufukuyu ndi awa. Ndi woona, ndi wofunika, ndipo akupita patsogolo. Koma ambiri mwa mapepala amene amasindikizidwa amanena za magalamu ochepa a pulasitiki woyera, wogulidwa m'botolo ku kampani ya mankhwala. Zimene zili kumtaya wa Mzedi kapena mumtsinje wa Mudi ndi jumbo yonyowa, yamatope, yamafuta ophikira, ya inki ya mitundumitundu, yosakanikirana ndi matewera. Pulasitiki watsopano mtengo wake umatsatira mtengo wa mafuta ndi gasi, ndipo mafuta akatsika, wokonzedwanso amasowa womugula. Palinso chinyengo cha mawu chimene muyenera kuchizindikira. Kusandutsa pulasitiki kukhala dizilo n'kumuwotcha mu injini kungakhale ndi phindu lake, koma kumeneko si kukonzanso, chifukwa kaboni uja wapita mlengalenga ndipo fakitale ipanga jumbo ina kuchokera ku mafuta atsopano. Munthu akakuuzani kuti musadandaule za majumbo chifukwa sayansi ikubwera kudzawasesa, mufunseni kuti ndi matani angati amene alowa m'makina ake chaka chatha, ndi angati atuluka, ndipo otsalawo apita kuti.

N'chifukwa chake ine, amene ndimadya za kafukufukuyu, ndimagwirizana ndi lamulo la mu 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikironi 60 m'dziko muno. Makampani ena anathamangira kukhoti, ndipo Khoti la Supreme linagamula mu Julayi 2019 kuti lamulolo likhalepo. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anayamba kumenya nkhondoyi ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Rwanda analetsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017. Jumbo yopyapyala ndi yopepuka moti wotola zinyalala angayende tsiku lonse osakwanitsa kilogalamu yogulitsika, ndipo palibe catalyst amene angagwire ntchito pa chinthu chimene sichinatoledwe. Mayiko anagwirizana ku Nairobi mu 2022 kuti alembe pangano la dziko lonse pa za mapulasitiki, koma ku Busan mu 2024 ndi ku Geneva mu 2025 anabalalika osamvana, ndipo pakati pa zimene anakanganirana panali nkhani yochepetsa kupanga pulasitiki watsopano.

Tsopano za njira yofikira pa ntchitoyi. Ndi yaitali. Julie Rorrer amene ndamutchula uja anatenga digiri yoyamba ku Arizona State University, digiri ya PhD ku Berkeley mu 2019 pansi pa Alexis Bell, kumene ankafufuza zopanga mafuta kuchokera ku zomera, osati mapulasitiki. Kenako anagwira ntchito yofufuza m'labotale ya Yuriy Román-Leshkov ku MIT, ndipo mu 2023 ndi pamene anayamba kuphunzitsa ndi kutsogolera labotale yakeyake ku University of Washington. Ndi zaka zoposa khumi chilowereni ku yunivesite, m'dziko limene zipangizo zili ponseponse. Onaninso kuti mutu wake unasintha panjira. Chimene PhD imakupatsa si mutu umodzi woti ufe nawo, koma luso lofunsa funso loyankhika, kuyeza, ndi kudzikayikira wekha ena asanakukayikire.

Ukalembedwa ntchito pa yunivesite, usadabwe kuona kuti mphika uja sukuugwiranso kawirikawiri. Nthawi imathera pokonzekera makalasi, kuchonga mayeso, kuyang'anira ophunzira ofufuza, misonkhano ya dipatimenti, ndi kulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku, amene ambiri amabwera ndi yankho lokana. Ukalemba pepala, limapita kwa akatswiri awiri kapena atatu osawadziwa mayina, ndipo amalibweza ndi mafunso opweteka. Anzako amene munamaliza limodzi n'kukalowa m'makampani amayamba kumanga nyumba iwe ukadali pa lendi. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Malipiro ake alipo, ndipo ndi a mtundu wina: umasankha wekha funso loti uthere nalo zaka, nthawi zina umakhala munthu woyamba padziko kuona chinthu, ndipo ophunzira ako amakayendetsa mafakitale amene iwe sudzawapondamo.

Chuma cha wofufuza ndi kukhulupirika kwa manambala ake. Frances Arnold, injiniya wa zamakemikolo wa ku Caltech, analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha njira yake yosinthira ma enzyme kuti agwire ntchito zatsopano. Mu Januwale 2020 analengeza poyera kuti akuchotsa pepala limene gulu lake linasindikiza m'magazini ya Science, chifukwa zotsatira zake sizinabwereze ataziyesanso. Anzake anamulemekeza koposa. Atsikana muli muno, mwamva kuti ndatchula Susannah Scott, Jenna Jambeck, Kara Lavender Law, Julie Rorrer ndi Frances Arnold. Sindinawasankhe kuti ndikusangalatseni. Ntchitoyo anaigwira ndi iwowo.

Kwa mwana wa kuno, khomo loyamba lilipo. Yunivesite ya MUST ku Thyolo imaphunzitsa chemical engineering, ndipo amene aphunzira kemisitiri ku Zomba kapena uinjiniya wina ku MUBAS angathenso kulowera ku kafukufuku wa ma catalyst. Pa masitazi ndi PhD ambiri amatuluka kunja, mothandizidwa ndi Commonwealth, DAAD ya ku Germany, kapena Beit Trust imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Musayang'ane ku Ulaya ndi ku America kokha. South Africa yakhala ikupanga mafuta kuchokera ku malasha kuyambira mu 1955 ku Sasolburg, pogwiritsa ntchito ma catalyst, ndipo chifukwa cha mbiri imeneyo yunivesite ya Cape Town ili ndi gulu lodziwika padziko lonse pa maphunzirowa.

Vuto limabwera pobwerera. Munthu wazolowera labotale imene botolo la haidirojeni limafika tsiku lomwelo, ndiye akupeza kuti kachipangizo kakang'ono kakudikira ndalama zakunja kwa miyezi, ndipo magetsi athima mphika uli pakati pa ulendo. Ena amataya mtima n'kubwerera kumene anachokera, ena amasiya kufufuza n'kungophunzitsa. Langizo langa ndi lakuti tisapikisane ndi Berkeley pa mafunso a Berkeley. Pali mafunso amene labotale ya ku Berkeley sidzatiyankhira. Mu tani imodzi ya zinyalala za ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, muli polyethylene wochuluka bwanji, PVC wochuluka bwanji, dothi ndi madzi ochuluka bwanji, ndipo zimasintha motani nthawi ya dzinja? Wotola mabotolo amapeza zingati pa kilogalamu, ndipo mtengo ukafika pati amasiya? Kodi njerwa za mchenga ndi pulasitiki, ngati zimene Nzambi Matee amapanga ku Nairobi, zikhala bwanji zikatha zaka padzuwa lathu, ndipo zikamaperepeseka tizidutswa take tipita kuti? Mafunso amenewa amafuna sikelo, uvuni, kope ndi munthu wodekha, ndipo mayankho ake amasindikizika.

Ngakhale pa ma catalyst enieniwo tili ndi poyambira. Eugene Houdry, amene makina ake odulira mafuta anayamba kugwira ntchito ku Marcus Hook m'dziko la America mu 1937, catalyst wake anali dongo lotsukidwa ndi asidi. Dongo tili nalo. Phulusa la mankhusu a mpunga lili ndi silica wambiri, ndipo silica ndi amene amapangira ma zeolite, ma catalyst a timabowo amene amadula maunyolo a mafuta ndi a pulasitiki. Lanthanum amene amalimbitsa ma catalyst a m'mafakitale oyenga mafuta, ndi cerium amene ali m'chitsulo choyeretsa utsi pansi pa galimoto, ali m'miyala ya ku Kangankunde ku Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe. Pulatinamu wambiri padziko amakumbidwa ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Zimandiwawa kuti chigawo chino chimatumiza miyala kunja pa mtengo wa miyala, n'kudzagula catalyst pa mtengo wa nzeru.

Ndichenjezeponso achinyamata amene mwaona pa intaneti anthu akuphika mapulasitiki m'mgolo kuti atulutse dizilo. Mafuta amatulukadi. Koma mpweya wotuluka mumgolomo umayaka, ndipo paipi ikatsekeka ndi phula mgolo umaphulika. PVC akalowamo amatulutsa asidi wowononga mapapo ndi injini, ndipo akapsa pamoto wosakwanira amapanga ma dioxin, poizoni amene amakhalitsa m'thupi. Utsi wa jumbo imene timayatsira mbaula, kapena wa dzala limene timayatsa madzulo, nawonso si wabwino kwa mwana amene ali kumsana. Ngati muli ndi chidwi choyesa, bwerani nacho kwa aphunzitsi, tiyesere pamalo pamene pali choyezera kutentha, potulukira mpweya ndi chozimitsira moto.

Kwa inu a m'makhonsolo ndi a m'makampani amene mwabwera, pempho langa ndi laling'ono: lolani ophunzira athu alowe m'mitaya ndi m'mafakitale anu ndi sikelo, ndipo muwalole kusindikiza zimene apeza. Kwa inu makolo, mwana akabwera ndi digiri yoyamba n'kunena kuti akufuna kupitiriza, musamuone ngati akuthawa ntchito. Ndipo inu ophunzira, amene mwamva kuti ntchitoyi ingakhale yanu, limbikirani masamu, fizikisi ndi kemisitiri pa MSCE, chifukwa khomo la ku yunivesite limatsegulidwa ndi maphunziro atatu amenewa. Amene muli ndi mafunso musathamangire kunja, ndikhala kutsogolo kuno tikamaliza.